Mbale ya Amalume pa Mamita 500

Tinakwera basi ya m'mawa pa Intercity tili atatu, ana a mimba imodzi. Kuchokera pa Chongwe mpaka kumapiri a Manenekela mitu yathu inali pa foni imodzi, kuonerera mavidiyo amene tinakopera usiku. Mwamuna wina wa ku America wagona chafufumimba paphiri, mfuti yake yakhala pa timiyendo tiwiri, kamakina kamuuza kuti nyama ili pa mamita 800. Awomba, padutsa kamphindi, nyama igwa kutsidya, nyimbo iyamba. Ife mkangano unabuka pomwepo. Wina akuti 6.5 Creedmoor ndiyo mfuti ya masiku ano, wina akuti ija ndi ya ana, mwamuna agwira .300 Winchester Magnum. Amayi ena amene anakhala pafupi nafe anafunsa ngati ndife asilikali. Tinaseka mwamanyazi, chifukwa pa atatufe panalibe amene anagwirapo mfuti, kupatula ya m'masewera a pa foni.

Ulendowo unali wa mng'ono wathu. Anamaliza Giredi 12 zaka ziwiri zapitazo, makalata ofunsira nchito analemba mpaka kutopa, yankho zii. Kenako anayamba kunena kuti afuna nchito ya m'thengo, yoperekeza alendo osaka nyama. Amayi anamvetsera mwezi wonse, ndiye anati: "Nkhani iyi si yanga, pitani kwa amalume anu." Kwathu ku Unsenga mawu a malume ndi olemera pa mwana wa mlongo wake. Ndiponso amalume athu anagwira nchito yolondola mapazi a nyama pa kampu ina ya safari zaka zoposa makumi awiri. Akangoti inde, khomo likhoza kutseguka.

Amene mumadutsa Great East Road mudziwa nsomba zouma ndi madengu a pa mlatho wa Luangwa, mudziwa Kacholola, mudziwa nthochi za pa Nyimba. Ambiri timagula pawindo, basi n'kupitirira ku Petauke ndi Chipata. Koma mukatsika pa Nyimba n'kulowa msewu wa fumbi wa kuchigwa, mufika dziko lina. Kumeneko kuli dera la nyama la West Petauke, kwa mafumu Luembe ndi Nyalugwe. Chakumpoto kwa Petauke kuli dera la Sandwe, lochita malire ndi paki ya South Luangwa. Madera awa, amene boma liwatcha GMA, si paki. Mu paki kawirikawiri simukhala midzi, ndipo simusakidwa. Mu GMA anthu alima, ana apita kusukulu, njovu zidutsa m'minda, ndipo kusaka kumaloledwa kwa amene ali ndi laisensi, pa nyama zowerengeka chaka chilichonse.

Usiku woyamba, titadya nsima ya nsomba, mng'ono wathu anatulutsa foni kuti amalume aone kuti iye si mbuli pa za mfuti. Anaonerera mpaka kumapeto, foni ataigwira kutali ndi maso. Anapempha kuti ibwerezedwe. Itatha kachiwiri anatibwezera, n'kufunsa: "Nanga zija analasa koma sizinagwe, amazionetsa pa foni iti?"

Palibe anayankha.

M'mawa anatenga mbale ya nsima yachitsulo, yoyera ija, n'kuimangirira pa mtengo wa mupani m'mbali mwa dambo. Anati mtima ndi mapapo a ngoma, malo amene chipolopolo chimapha msanga, ndi aakulu ngati mbale imeneyi, mwina kuposako pang'ono. Ndiye tinayamba kuyenda, iwo patsogolo ndi mwendo wawo wotsimphina, ife kuwerenga ndi foni. Pa mamita 100 mbale inali kuoneka, koma yochepa ngati batani. Pa 300 tinachita kuisakasaka. Pa 500 inali kadontho kovina m'chifungafunga cha dzuwa, ndipo wina wa ife analoza mtengo wolakwika.

"Koma amalume, manje mfuti zili ndi magalasi okuzira," anatero mng'ono wathu.

"Galasi lifupikitsa njira ya diso," anayankha. "Njira ya chipolopolo ikhala yomweyo."

Apa ndi pamene manambala amene tinali kuloweza ku Lusaka anayamba kutanthauza kanthu. Tengani mfuti yodziwika kwambiri, .30-06, imene inayamba ku America mu 1906. Chipolopolo chake cholemera pafupifupi magalamu 12 chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 820 pa sekondi. Kungotuluka mumpope, chiyamba kugwa, monga chigwera chinthu chilichonse. Mfuti imene mwaikonza kuti imenye pakati pa mamita 100, pa mamita 300 imenya pansi ndi masentimita pafupifupi 40. Pa mamita 500 imenya pansi kupitirira mita imodzi ndi theka. Kugwa kumeneku munthu angathe kukuwerengera ngati adziwa mtunda bwinobwino. Mphepo ndiyo ilibe bwenzi. Kamphepo ka makilomita 15 pa ola, kongogwedeza masamba, kakhoza kukankha chipolopolo theka la mita pa mtunda umenewo, ndipo mphepo ya pamene mwagona si imene ili pakati pa dambo. Komanso chipolopolo chimatenga kupitirira theka la sekondi kuti chifike. Ngoma ikaponda phazi limodzi pa nthawi imeneyo, mbale yachoka, pamalo pake pabwera mimba.

Tinakhala pa chulu, ndipo amalume anatiuza za mwendo wawo. Tinakula tikudziwa kuti inali njati, koma chiyambi chake sitinachimvepo.

Mlendo anabwera kuchokera kutsidya la nyanja ndi mfuti yabwino, yokwera mtengo kuposa nyumba yathu. Masiku ake onse anayenda osapeza njati yamphongo imene anafuna. Tsiku lomaliza, dzuwa litapendeka, anaiona kutsidya kwa mtsinje wa mchenga, pa mamita ngati 200. Njati kawirikawiri imawomberedwa pa mamita 50 kapena 70, osafika 100. Amalume ananong'oneza kuti azungulire kumunsi kwa mphepo. Mlendo anaona dzuwa, anaganiza za ndege ya mawa, n'kuwomba. Njati inadumpha, kulowa m'tchire.

Wolondola amawerenga magazi monga ife tiwerengera uthenga. Magazi owala a thovu ndi a m'mapapo, nyama ija simupita nayo kutali. Amene anapeza pa mchenga anali akuda, osakanizika ndi udzu wobzikula. Chipolopolo chinalowa m'mimba. Nyama yotere ikhoza kukhala masiku, ikumva ululu, ikudana ndi chilichonse choyenda ndi miyendo iwiri.

Mlendo ananyamuka m'mawa. Analipira, chifukwa pa safari nyama ikatuluka magazi imawerengedwa kuti ndi yako, ipezeke kapena isapezeke. Sanali munthu woipa, pambuyo pake anatumiza ndalama za kuchipatala. Koma amene anatsala ndi njati ndi anthu a m'chigwa. Mapazi ake analunjika kumadimba. Uthenga unapita kumidzi iwiri kuti azimayi asapite kukatunga madzi okha, ana asadutse njira ya kumtsinje popita kusukulu. Tsiku lachitatu, m'nkhalango yothinana, njati inasiya njira yake n'kuima pambali kudikira. Amalume maso anali pansi pa magazi. Anamva kuthyoka kwa kamtengo, basi anali kale m'mwamba. Mlenje wa kampu anaimaliza ndi .458 pa mapazi osakwana khumi. Nyanga zinatumizidwa kwa mwini wake, ndipo mwina lero zili pa khoma.

"Wowombera patali," anatero amalume, "mantha ake amasiyira anzake."

Masana ake anatiphunzitsa kusankha mfuti, opanda mfuti m'manja, chabe ndi kamtengo kolembera pansi. Anati mafunso ndi atatu: nyama yanji, pa mtunda wanji, paphewa la ndani.

Manambala a pa mfuti amanena kukula kwa chipolopolo. 6.5 ndi mamilimita, ndipo Creedmoor imene tinali kuitama m'basi inatuluka mu 2007, yopangidwira mpikisano wowombera mapepala patali. Chipolopolo chake ndi chowonda, magalamu ngati 9, chimadula mphepo bwino, ndipo pa nswala kapena mbawala chikwana. Za .30, monga .30-06 ndi .300 Winchester Magnum ya mu 1963, ndizo za ngoma, mphalapala ndi zina zotere. Pa njati, mvuu ndi njovu muyambira pa .375, kutanthauza mamilimita 9.5, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa imeneyi ndiyo yochepetsetsa imene lamulo lilola pa nyama zoopsa. Kampani ya Holland & Holland ya ku London inaitulutsa mu 1912, ndipo mpaka lero ndiyo imene alendo ambiri amabwera nayo kuchigwa. Chipolopolo chake chilemera magalamu 19. Njati yamphongo ifika makilogalamu 600 kapena kuposa, chikopa chochindikala, nthiti zazikulu zoyandikana, fupa la phewa ngati mtanda. Chofunika pamenepo si chipolopolo chothamanga kwambiri ayi, koma cholemera, cholowa mowongoka mpaka kumtima. Alenje a kampu, amene nchito yawo ndi kuimitsa nyama ikamabwera, amanyamula zokulirapo, monga .416 Rigby ya mu 1911 kapena .458 Winchester Magnum ya mu 1956, ya chipolopolo cha magalamu 32.

Zipolopolo nazonso zili mitundu iwiri. Chofewa chimatumbuka ngati bowa chikalowa m'thupi, n'kupanga bala lalikulu. Cholimba sichisintha maonekedwe, chimaboola fupa n'kupitirira. Pa njovu ndi cholimba chokhachokha. Pa njati ambiri amaika chofewa chabwino poyamba, zolimba pambuyo, chifukwa yachiwiri nthawi zambiri muwomba nyama ikuthawa kapena ikubwera. Amalume anawonjezera kuti cholimba pakati pa gulu ndi choopsa, chikhoza kutulukira n'kulasa yaikazi imene yaima kumbuyo. Ndipo apa palinso vuto lina la patali: chofewa chimatumbuka chifukwa cha liwiro. Chikafika chitatopa, chimalowa ngati msomali, bala laling'ono, magazi ochepa, wolondola alibe chowerenga.

Funso la phewa ndilo linatiseketsa. Anati anaonapo amuna aakulu akutsinzina asanakoke chala, chifukwa choopa kumenyedwa ndi mfuti yawo yomwe. Munthu wotere ndi bwino agwire .375 imene aizolowera kusiyana ndi chimfuti chimene amachiopa. Mng'ono wathu anatchula W.D.M. Bell, Msikotishi amene zaka zoposa zana zapitazo anapha njovu pafupifupi 1,000 kum'mawa ndi pakati pa Africa, zambiri ndi kamfuti ka mamilimita 7. Amalume anafunsa kuti anali kuima pati. Tinavomera kuti anali kufika pafupi kwambiri, ndipo anali atang'amba zigaza za njovu kuti adziwe pamene pali ubongo. "Lomba mwadziyankha nokha," anatero.

Madzulo nkhani inafika pa agogo, atate awo a amalume, amene anali ndi gogodela. Mfuti imeneyi imadyera kukamwa: onga, chotsekera, chipolopolo, kusinja ndi ndodo. Iwomba kamodzi, utsi tolo, ndipo musanadzazenso nyama yafika kale pamene muli. Mfuti zotere zinachuluka m'chigwa muno zaka za m'ma 1800, pamene Achikunda ochokera ku Zumbo ndi Feira, pansi pa atsogoleri monga Kanyemba ndi Matakenya, anali kusaka minyanga ya njovu ndi kugwira anthu ukapolo. Ndi gogodela munthu anayenera kukwawa mpaka mapazi makumi awiri kapena atatu. Anayenera kudziwa kumene mphepo ichokera, nthawi imene nyama imwa madzi, ndi mtengo umene adzakwere zikavuta.

Ife a m'tauni timafulumira kukometsa zakale, koma amalume sanalole. Anati gogodela inalasa nyama zambiri zimene sizinapezeke, mipope inaphulika n'kudula anthu zala, ndipo njala ndiyo inali kutuma agogo, osati ulemu kwa nyama. Chimene anaphunzira kwa iwo ndi chimodzi: amene ali ndi chipolopolo chimodzi amadekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mfuti zitasintha, chigwa chinaona zoopsa. Mu 1973 akatswiri amene anawerenga pa ndege anapeza njovu pafupifupi 86,000 m'chigwa cha Luangwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zambiri zinali zitatha, kuphedwa ndi magulu a mfuti za nkhondo pofuna minyanga. Chipembere chakuda chinatheratu, ndipo mu 1998 chinalengezedwa kuti mulibenso mu Zambia. Zimene zili ku North Luangwa lero zinayamba kubwera kuchokera ku South Africa mu 2003. Chaka chomwecho kunayamba bungwe la COMACO, lija la chiponde, uchi ndi mpunga wa It's Wild! umene timagula m'masitolo ku Lusaka. Limagwira nchito ndi alimi a ku Nyimba ndi madera ena, ndipo alenje ambiri a m'midzi apereka mfuti ndi misampha ya waya kuti aphunzire ulimi ndi kupeza msika. Gogodela ya agogo inachoka pakhomo m'njira imeneyo. Amalume akuti tsikulo mtima unawawa, koma anagona tulo tabwino.

Tisabise, ife tinapita kuchigwa ndi mitima iwiri. Ku Lusaka tikaona chithunzi cha mlendo akumwetulira pafupi ndi mkango wakufa, timakwiya pa Facebook, ndipo mkwiyowo si wopanda pake. Mu January 2013 boma linaletsa kusaka mikango ndi anyalugwe, ndipo mu 2015 linalengeza kuti litsegulanso. Chaka chomwecho kunabwera lamulo latsopano la nyama zam'thengo, ZAWA inatha, nchito yake inapita ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife, ngakhale kumudzi mpaka lero amangoti a ZAWA. Mwalamulo gawo la ndalama za kusaka limapita kwa anthu a m'deralo kudzera m'makomiti otchedwa CRB, ndipo ena mwa anyamata olondera nyama amalembedwa kumeneko. Pabwalo la amalume tinamva zonse ziwiri. Ena akuti popanda kampu kulibe nchito, kulibe nyama yogawana, ndipo misampha ibwerera. Ena akuti njovu idya munda wa chaka chonse usiku umodzi, ndipo zimene apeza sizifanana ndi zimene ataya. Mkangano umenewo sitinaumalize, ndipo sitiumaliza pano.

Koma pali chinthu chimodzi chimene wokonda kusaka ndi wodana nako angagwirizane: nyama yolasidwa ndi choipa kwa onse. Ivutika yokha, ivutitsa mudzi, ndipo ikafera kutali, miimba imene idya mtembo imameza tizidutswa ta mtovu timene timaidwalitsa, n'chifukwa chake alenje ena asinthira ku zipolopolo za mkuwa. Lamulo lathu limafuna kuti wolasa nyama yoopsa ailondole ndi kudziwitsa akuluakulu a zanyama. Palibe vidiyo imene tinaonera inanena za zimenezi. Kumapiri a ku America, kumene nyama ioneka kutsidya la chigwa chopanda mitengo, mwina kuwombera patali kuli ndi malo ake kwa amene anaphunzira zaka zambiri. Kwathu ndi mupani, miombo ndi udzu wautali kuposa munthu, ndipo kuseri kwa tchire kumene simukuona kungakhale mayi ali ndi mtolo wa nkhuni. Chipolopolo chophonya sichiima chifukwa mwaphonya.

Tsiku lonyamuka mng'ono wathu anagwada n'kufunsa molunjika: "Amalume, kodi mudzandilankhulira ku kampu?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sokosi yakale, yomangidwa kukamwa, m'kati muli phulusa. Anaigwedeza kamodzi, kafumbi koyera kanatuluka n'kupendekera kumadzulo. "Ichi ndicho chida choyamba," anatero. "Khala kuno mpaka mvula. Mfuti sugwira, ndipo usagwire ya munthu wopanda mapepala, ndende ilipo. Uphunzire mphepo, mapazi ndi magazi. Tsiku limene udzafike pafupi ndi mbawala mpaka kuona nkhupakupa pa khutu lake, iyo osadziwa, n'kubwerera osaidzidzimutsa, ndidzavala nsapato kupita kukakulankhulira."

Tinaona nkhope ya mng'ono wathu ikugwa. Iye anayembekezera yunifomu, galimoto yotsegula pamwamba ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Kuno kulibe magetsi, netiweki ili pa chulu chimodzi chokha. Tinamuuza kuti palibe amene adzamuseka akabwerera nafe. Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza sokosi ija m'manja. Kenako anatipatsa chaja yake kuti tikam'sungire.

M'basi yobwerera tinali awiri. Mavidiyo aja anali akadali mu foni, ndipo titadutsa mlatho tinatsegula imodzi mwachizolowezi. Mwamuna anagona, anawomba, nyama inagwa, nyimbo inayamba. Tinapeza kuti maso athu sali pa iye. Tinali kuyang'ana pamene chithunzi chadulidwa n'kulumikizidwa, kufunafuna chimene anachotsapo.

Patapita milungu isanu ndi umodzi kunabwera uthenga wochokera pa foni ya amalume, wolembedwa pamwamba pa chulu: "Lero ndafika mapazi 40 pa mbawala. Mphepo inatembenuka, yathawa. Amalume akuti mawa tiyambirenso. Muuze amayi anditumizire nsapato zolimba."

Nsapato tinatumiza Loweruka, pa basi ya ku Chipata.